Tinsomba ta tetra sitiweteka tiwiritiwiri

Inu amene mukufuna kuweta tinsomba ta tetra m'thanki yagalasi kuno ku Salima, musathamangire kugula tiwiri kapena titatu poti ndalama yaperewera. Dikirani mpaka mukwanitse tosachepera 6 ta mtundu umodzi, ndipo 10 ndiye bwino koposa. Kugula kamodzi ka neon, kamodzi ka cardinal ndi kena ka mtundu wina sikupanga gulu ayi, ngakhale tonse tikutchedwa tetra.

Neon kwawo ndi m'mitsinje ya ku Amazon, ku South America, ndipo sikakula kupitirira masentimita 4. Kansomba kochepa chonchi chitetezo chake ndi unyinji basi. Maso akachuluka mdani amaoneka msanga, ndipo iye amasokonezeka, osadziwa woti ambwandire. M'mbali mwa thupi muli kamzere komvera kugwedezeka kwa madzi, n'chifukwa chake gulu lonse limakhota pamodzi osagundana. Tikachepa, mantha satha. Timangobisala kuseri kwa fyuluta (chosefera madzi), mtundu umafwifwa, ndipo tina timayamba kulumana zipsepse.

Pamene ambiri amasokonezeka ndi apa. Amafuna kuona tinsomba titaunjikana thithithi, tikuyenda ngati chinthu chimodzi tsiku lonse. Asodzi a ku Senga Bay amadziwa kuti usipa ukapanikizana kwambiri ndiye kuti ncheni ali pafupi. Neon nayenso ndi chimodzimodzi. Akakhazikika mtima amabalalika pang'ono, uyu akujompha tsamba, uyo akuyendera pansi, koma osatalikirana. Mukaona aunjikana pakona kwa maola, zipsepse atapinda, funsani chawaopsa: kodi ana akugogoda galasi? Nyali yawala kwambiri? Mwina madzi aipa? Mtundu wa tetra wa mphuno yofiira, wotchedwa rummy-nose, ndiwo umayenda mothinana mwachibadwa, choncho ofuna kuonerera gulu lokongola asankhe umenewo.

Ka neon kamodzi kakadzipatula, mzere wake wabuluu n'kuyamba kuzimirira, kachotseni mukasunge pakokha. Nthawi zambiri amakhala matenda.

Thanki ikhale yotambalala, yosachepera masentimita 60 m'litali, zomera kumbuyo ndi m'mbali, pakati pakhale poyera posambira.

Za madzi samalani. Madzi a nyanja yathu ali ndi pH (muyeso wa asidi m'madzi) yoyandikira 8, pomwe neon amakonda madzi ofewa (opanda michere yambiri) a pH ya 6 mpaka 7. Mijigo ina kuno imatulutsa madzi amchere, amenewo ayi. Ngati muli ndi madzi amvula otungidwa mwaukhondo, sakanizani ndi apampopi mutachotsa kulorini, ndipo sabata iliyonse sinthani gawo limodzi mwa magawo anayi, osati onse. Kutentha kwa Okutobala ndi Novembala nakonso n'koopsa: neon amafuna madigiri 20 mpaka 26, ndiye thanki isakhale pawindo. Magetsi akathima fyuluta imaima, ndiye tsegulani chivundikiro cha thanki, muzitunga madzi ndi kapu n'kumawathiranso kuchokera m'mwamba kuti mpweya ulowe. Kwa ife a kunyanja, cardinal amapirira kutentha kuposa neon.

Mbuna musaziphatikize ndi tetra, ngakhale zili pafupi komanso zokongola. N'zaukali ndipo madzi ake ndi ena. Tinsombati tikakukwanani, mupatseni mnzanu woweta. Osakatitaya m'nyanja kapena mumtsinje wa Linthipe, chifukwa nsomba zachilendo zimatha kubweretsa matenda kwa chambo ndi mbuna zathu.