Momwe mungalembetsere chizindikiro cha malonda anu ku IPI

Amalonda ambiri ku Ulónguè ndi ku Moatize amayesa kuti akakhala ndi NUIT (nambala ya msonkho) ndi alvará (laisensi ya malonda) ya ku ofesi ya boma ya BAÚ ndiye kuti dzina la malonda awo latetezeka. Sichoncho. Alvará imangokulolani kugulitsa. Dzina ndi chizindikiro chimene mumadinda pathumba la ufa zimatetezedwa ndi Instituto da Propriedade Industrial, IPI, ku Maputo, motsatira Decreto 47/2015, ndipo mwachizolowezi ufulu umapita kwa amene wayamba kulembetsa, ngakhale inu munayamba kale kugulitsa.

Musanasindikize matumba, pemphani IPI ifufuze ngati palibe marca (dzina kapena chizindikiro cha malonda) yofanana ndi yanu. Kusintha chilembo chimodzi sikuthandiza ngati maina awiriwo akumveka mofanana pakamwa pa wogula. Pewaninso dzina longofotokoza katundu: "Mbatatesi ya Angónia" sangakupatseni nokha, chifukwa alimi onse akumeneko ali ndi ufulu wonena mawu amenewo.

Kenako sankhani gulu. Magulu alipo 45, katundu kuyambira 1 mpaka 34, ntchito kuyambira 35 mpaka 45. Ufa wa chimanga uli mu 30, mbatatesi yaiwisi mu 31, kapenta wouma mu 29, malo odyera ndi ogona mu 43. Gulu lililonse ndi pempho lakelake ndi malipiro akeake, choncho wogulitsa ufa ndi kapenta pa dzina limodzi alembetse kawiri.

Lembani fomu m'Chipwitikizi, ikani chithunzi cha chizindikirocho ndi ndandanda ya katundu, lipirani, risiti musunge. Pempholo amalilengeza mu Boletim da Propriedade Industrial, ndipo wotsutsa amakhala ndi masiku 30. Likavomerezedwa, chitetezo ndi cha zaka 10, ndipo mukhoza kuwonjezera.

Pogwera ambiri ndi pa Declaração de Intenção de Uso, chikalata chonena kuti mukufunabe kugwiritsa ntchito marca yanu. Chimafunika zaka 5 zilizonse. Mukapanda kupereka, simungaletse wina kudinda dzina lanu, ndipo iyeyo angathe kupempha kuti marca yanuyo ifafanizidwe. Tsikulo lilembeni pachikuto cha fayilo.

Mukapeza katundu wachinyengo pamsika, gulani mmodzi, jambulani, kadandauleni kwa oyendera zamalonda a boma mutanyamula satifiketi ya IPI.

Satifiketi ya IPI imathera pa malire a dziko, monga pa Calómuè ndi pa Zóbuè. Ngati ufa wanu umawolokera ku Dedza kapena ku Mwanza, lembetsaninso ku Malawi, kapena dzerani ku ARIPO ya ku Harare, bungwe lolembetsa marca m'maiko angapo a mu Africa, poti maiko onse awiri ali m'pangano lake la Banjul.