Mmene mungaphunzirire zisudzo mozama osachoka pabwalo

Ambiri mwa ochita zisudzo mu Blantyre adayambira kusukulu kapena kutchalitchi, ndipo ena amafika pokhala akadaulo oseketsa anthu asanadzifunsepo chifukwa chimene sewero lina limakhalira mumtima kwa zaka, pomwe lina limaiwalika anthu asanakwere n'komwe minibasi yobwerera ku Ndirande. Kuphunzira zisudzo mozama ndiko kulondola funso limeneli, ndipo njira yake ndi yakuti chilichonse chimene mwawerenga muchiyese ndi thupi lanu pabwalo sabata yomweyo.

Yambani ndi mbiri ya kwathu kuno, musanathamangire ku Athens kapena ku London. Mpikisano wa zisudzo za m'Chingerezi wa ATEM (bungwe la aphunzitsi a Chingerezi m'Malawi) m'sukulu za sekondale udayamba mu 1969, ndipo gulu loyendayenda la Travelling Theatre la ku Chancellor College lidabadwa mu 1970. Koma chaka chimene muyenera kuchigwiritsitsa ndi 1968, pamene kudakhazikitsidwa lamulo lopatsa Censorship Board mphamvu zounika sewero lisanaonetsedwe. Mukadziwa zimenezi, mudzamvetsa chifukwa chake alembi a nthawi ya Kamuzu ankakonda kuphiphiritsa, ndipo mudzawerenga The Rainmaker ya Steve Chimombo, yomwe idatsamira pa nkhani ya M'bona, ndi khutu lomvetsera zimene zikunenedwa kuseri kwa mawu. Pambuyo pake fikani pa Du Chisiza Jr, amene adayambitsa Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987 ndi kuonetsa kuti munthu angathe kudya za zisudzo, nkumadzaza bwalo la French Cultural Centre, lomwe lero ndi Blantyre Cultural Centre. Iye atamwalira mu 1999, Gertrude Kamkwatira adatsogolera gululo kenaka n'kuyambitsa lake la Wanna-Do. Musaiwale Kwathu Drama Group, Izeki ndi Jakobo, ngakhalenso Kapalepale wa pa MBC, pakuti wophunzira amene amanyoza zisudzo za m'Chichewa wataya theka la mbiri yathu.

Vuto ndi lakuti zambiri mwa izi sizidalembedwe. Mabuku a Chris Kamlongera ndi David Kerr adzakutsegulirani njira, nyuzipepala zakale mukazifunse ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House kapena ku National Archives ku Zomba, koma chuma chenicheni chili m'kamwa mwa akuluakulu amene adasewerapo. Kawachezereni ndi kope m'manja, ndipo musawafunse kuti zinthu zinali bwanji kale, chifukwa adzangoyankha kuti zinali bwino. Afunseni kuti ankayeserera kuti, ankakwera chiyani popita ku Mzuzu, ndalama za pakhomo ankagawana motani, ndiponso ndi mawu ati amene a Censorship Board adawauza kuti achotse.

Pa malingaliro a akatswiri akunja, musawameze onse pakamodzi. Aristotle adalemba za kamangidwe ka sewero zaka zoposa 2,300 zapitazo, ndipo adzakuthandizani kuona ngati zochitika zikuberekana kapena zangondandalikidwa. Kwa enawo, sankhani gawo limodzi lalifupi, tinene la mayi wamasiye amene abale a mwamuna wake abwera kudzalanda katundu, ndipo mulisewere katatu. Ulendo woyamba tsatirani Stanislavski, katswiri wa zisudzo wa ku Russia amene adayambitsa nawo Moscow Art Theatre mu 1898: wosewerayo adzifunse chimene akanachita zikanamugwera iye, adziwe chimene akufuna pa mphindi iliyonse, mwina kungoteteza makina osokera amene amadyetsa ana ake, ndipo mudzaona kuti dzanja lake lokha likagwira makinawo lanena zambiri kuposa kulira kofuula. Ulendo wachiwiri tsatirani Bertolt Brecht wa ku Germany: mayiyo aime pakati pa mkangano, atembenukire kwa oonerera, afotokoze mtengo wa katundu aliyense kapena ayambitse nyimbo, kuti anthu asiye kulira ndi kuyamba kuganiza. Ulendo wachitatu tsatirani Augusto Boal wa ku Brazil: imitsani sewero, muitane woonerera mmodzi alowe m'malo mwa mayiyo ayese njira yake. Lembani chimene chasintha m'chipindamo ulendo uliwonse.

Mukachita izi mudzazindikira, mwina moseka, kuti zina zimene Brecht ankazifunafuna agogo ankazichita kale pamoto, polowa ndi kutuluka m'nthano, ana akuvomera kuti tili tonse. Kuzindikira kumeneku kukupatseni mtima wofunsa mabuku akunjawo mafunso, osangowagwadira. Chenjezo lili pa Gule Wamkulu, amene UNESCO idamulemekeza mu 2005: mungathe kuphunzira kwa iye za chigoba, ng'oma ndi kagwiritsidwe ntchito ka bwalo, koma kumutcha sewero chabe, kapena kutulutsa za kudambwe pansanja, ndi kulakwira eni ake.

Kuunika masewero a anzanu ndiko kumavuta kwambiri mumzinda uno, momwe aliyense amadziwana ndi mnzake. Onerani sewero kawiri ngati thumba likulola, kamodzi kutsogolo ndi kamodzi kumbuyo kwenikweni, komwe mawu ofooka safika. Mvetserani oonerera, pakuti a ku Blantyre saonerera mwakachetechete: amalangiza, amatsutsa, amaseka pamene wolemba ankafuna misozi, ndipo kuseka kolakwika kumeneko ndi umboni woyenera kulembedwa. Lembani usiku womwewo, muyambe ndi kufotokoza zimene mwaona musanaweruze, kenaka mufunse chimene gululo limafuna kuchita ndi pamene lapunthwa. M'malo molemba kuti wosewera wakuti ndi wosadziwa, lembani kuti pa gawo la maliro adafulatira anthu ndipo mawu ake adathera m'nsalu yakumbuyo. Musanatumize zimene mwalemba kunyuzipepala kapena pa Facebook, kaziwerengeni pamaso pa wotsogolera seweroli, ndipo mumupemphe kuti sewero lanu likadzatuluka, iye adzakhale pampando wakumbuyo uja ndi kope lake.