Mmene mungasamutsire mbiri ya ndalama zanu kuchoka pa Windows kupita pa Linux

Kampani ya Microsoft inasiya kupereka chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo ambiri amene makompyuta awo ndi akale moti sangalandire Windows 11 akuganiza zochotsa Windows n'kuikamo mtundu wina wa Linux, monga Linux Mint kapena Ubuntu. Zithunzi ndi makalata zimasamuka mosavuta, koma mbiri ya ndalama imene munthu wakhala akulemba kwa zaka zambiri imafuna kusamala kwapadera. Mwa mapulogalamu olembera ndalama, Quicken inapangidwira makompyuta a Windows ndi a Mac basi, pamene Microsoft Money, yomwe inasiya kugulitsidwa mu 2009, ndi ya Windows yokha. Fayilo ya QDF ya Quicken kapena ya MNY ya Money mukapita nayo pa Linux momwe ilili, mudzavutika kupeza chotsegulira.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti musasinthe zinthu ziwiri nthawi imodzi. Yambani mwasintha pulogalamu ya ndalama mudakali pa Windows, ndipo Windows yeniyeniyo muichotse pambuyo pake. Izi n'zotheka chifukwa GnuCash, yomwe ndi yaulere, imagwira ntchito pa Windows, pa Mac ndi pa Linux, ndipo fayilo yake imatseguka ponseponse. HomeBank nayonso ndi yaulere ndipo ndi yosavuta kuphunzira, koma amene ali ndi maakaunti angapo, ngongole kapena kabizinesi apindula kwambiri ndi GnuCash. Mukaiika pa kompyuta yomwe pulogalamu yakale ikadatsegukabe, mudzatha kuyang'ana mapulogalamu onse awiri pamodzi n'kuona ngati manambala akufanana.

Musanatulutse chilichonse, konzani mabuku akalewo. Yerekezerani akaunti iliyonse ndi sitetimenti yaposachedwa ya ku banki, ndipo muchite chimodzimodzi ndi Airtel Money, Mpamba, ngakhalenso masheya a ku banki mkhonde ngati mumawalemba. Kenako tengani pepala ndi cholembera, mulembe ndalama zotsala mu akaunti iliyonse pa tsiku limodzi limene mwasankha, mpaka matambala omwe. Pepala limeneli ndi limene lidzakuuzeni ngati kusamuka kwayenda bwino. Koperani fayilo yakale pa fulashi, ina muisunge kwina, ndiponso sungani malipoti a chaka chilichonse ngati PDF, popeza PDF imatseguka pa kompyuta iliyonse.

Njira yotulutsira mbiri yonse ndi fayilo ya QIF. Quicken imalola kutulutsa maakaunti onse mu fayilo imodzi, koma Microsoft Money imatulutsa akaunti imodziimodzi, choncho amene ali ndi maakaunti asanu adzakhala ndi mafayilo asanu. QIF ndi mtundu wakale wa fayilo ndipo ili ndi zofooka zitatu zimene zimasokoneza anthu ambiri.

Choyamba ndi kubwerezabwereza. Tiyerekeze kuti munachotsa K50,000 ku banki n'kuiika mu Mpamba. Ndalama imeneyi ili mu fayilo ya banki ngati yotuluka, ilinso mu fayilo ya Mpamba ngati yolowa, ndipo QIF ilibe nambala yapadera yosonyeza kuti ndi ndalama imodzi yomweyo. Mukalowetsa fayilo imodzi lero, ina mawa, K50,000 ija ikhoza kulembedwa kawiri. Motero mukatsegula File, kenako Import, n'kusankha Import QIF mu GnuCash, ikani mafayilo onse pa ulendo umodzi musanapitirire, kuti pulogalamuyo ithe kulumikiza mbali ziwirizo.

Chachiwiri ndi madeti. Ku America amayamba ndi mwezi, kwathu kuno timayamba ndi tsiku, kotero 03/04/2024 ikhoza kukhala 4 Malichi kapena 3 Epulo. GnuCash ikalephera kuzindikira yokha imafunsa, ndipo funso limeneli musaliyankhe mothamanga. Tsegulani fayiloyo ndi Notepad, muone mizere yoyamba ndi chilembo D, muiyerekezere ndi tsiku limene mukulidziwa bwino, monga la malipiro. Cholakwa cha madeti n'choopsa chifukwa ndalama zonse zotsala zimaoneka zolondola, pamene lendi ndi fizi zapita m'miyezi yolakwika.

Chachitatu n'chakuti QIF sinena mtundu wa ndalama. GnuCash idzakufunsani mtundu umodzi wa zonse zimene mukulowetsa pa ulendowo, ndipo kwacha ya Malawi ndi MWK, ya Zambia ndi ZMW. Ngati muli ndi akaunti ya marandi kapena ya madola, monga amene amalandira ndalama kuchokera kwa achibale a ku Johannesburg, ilowetseni payokha, ndipo ndalama zosamutsidwa pakati pa iyo ndi maakaunti a kwacha muzikonze pamanja.

GnuCash imalemba ndalama iliyonse mbali ziwiri, kumene yachokera ndi kumene yapita. N'chifukwa chake magulu amene munkagwiritsa ntchito, monga chakudya, mayunitsi a magetsi, feteleza ndi thiransipoti, adzasanduka maakaunti a ndalama zotuluka. Pulogalamuyo imakuonetsani mndandanda wa mmene ikufuna kuwaikira, ndipo ndi bwino kuuwerenga mzere ndi mzere. Zimene zinalibe gulu zimapita ku akaunti yotchedwa Unspecified, yomwe muyenera kuitsegula n'kugawa zili m'menemo. Mukatha, tengani pepala lija. Akaunti ikasiyana ngakhale ndi K100, musalembe ndalama yongofananitsira, koma yerekezerani ndalama zotsala kumapeto kwa chaka chilichonse, kenako kwa mwezi uliwonse, mpaka mupeze pamene kusiyana kwayambira.

Zina sizisamuka n'komwe. Bajeti, malipoti amene munadzikonzera, zithunzi za malisiti ndi zikumbutso za malipiro a mwezi ndi mwezi muyenera kuziyembekezera kuti mudzazikonzanso nokha, choncho zilembeni pulogalamu yakale ikadalipo.

Gwiritsani ntchito mapulogalamu onse awiri kwa mwezi wathunthu. Manambala akafanana kumapeto kwa mweziwo, tsekani GnuCash bwinobwino, koperani fayilo yothera ndi .gnucash pa fulashi, ndipo mukhoza kuika Linux. Onetsetsani kuti GnuCash ya pa Linux ndi yofanana kapena yatsopano kuposa imene munali nayo pa Windows, pakuti yakale ikhoza kukana fayilo yosungidwa ndi yatsopano. Ya pa Flathub, malo a pa intaneti otengako mapulogalamu a Linux, kawirikawiri imakhala yaposachedwa. Malipoti amene munasunga mu GnuCash sakhala m'kati mwa fayiloyo, amakhala mu foda ina ya pulogalamuyo, kotero muwakopere padera. Kuyambira pamenepo, ngati banki yanu imapereka sitetimenti mu fayilo ya mtundu wa OFX, muziisankha m'malo mwa QIF kapena CSV, chifukwa OFX imapatsa ndalama iliyonse nambala yakeyake ndipo GnuCash imazindikira zimene inalowetsa kale.