Kugwiritsa ntchito ma elective pofuna residency ya physician assistant ku America

Mwafunsa momwe ma elective (maphunziro a m'chipatala amene wophunzira amadzisankhira yekha) angakutsegulireni khomo la residency (maphunziro owonjezera a gawo limodzi mukamaliza sukulu ya physician assistant, yemwe ndi wazachipatala wogwira ntchito limodzi ndi madokotala). Musanayambe, sankhani gawo limodzi, kaya opaleshoni kapena odwala mwadzidzidzi, ndipo konzani CV.

1. Onani mndandanda wa APPAP (bungwe la maphunziro a residency a ma physician assistant), mupeze zipatala zophunzitsa gawolo. Maphunziro ambiri a residency amatenga miyezi 12.
2. Pemphani woyang'anira ma rotation (maphunziro a m'zipatala) kusukulu kwanu akutumizeni kumeneko kukachita elective. Ambiri amaphonya pamenepa: popanda mgwirizano wosainidwa pakati pa sukulu ndi chipatala simuponda m'wodi, ndipo kusainako kumatha miyezi. Yambani msanga ndithu.
3. Elective imeneyi ichitike nthawi yotumiza mafomu ofunsira residency isanathe.
4. Kumeneko lawirirani, muwerenge mafayilo a odwala anu dokotala asanayendere wodi.
5. Sabata yomaliza, pemphani kalata yokuchitirani umboni kwa amene akukuyang'anirani akadakukumbukirani.
6. Khozani mayeso a PANCE (mayeso a dziko lonse a ma physician assistant), chifukwa popanda iwo laisensi palibe.