Mnzanu Akataya Mtima: Mufunseni, Mumvetsereni, Mumperekeze

Munthu woganiza zodzipha nthawi zambiri amasiya zizindikiro. Amalankhula mawu ngati "ndangokhala mtolo kwa anthu" kapena "posachedwapa mupuma nane". Amagawa katundu wake wapamtima, amatsanzika abale popanda ulendo, amadzipatula, mowa amamwa mopyola kale. Khalani tcheru kwambiri ngati ntchito yangomuthera, banja lasokonekera, kapena katapila wamukhalira pakhosi. Ndipo amene wakhala wokhumudwa masabata angapo akangoti phee mwadzidzidzi, musathamangire kunena kuti wachira. Mwina watsimikiza kale.

Mutengereni pambali, mumufunse mosazungulira: "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Funsoli silimuika maganizowo m'mutu, ambiri amapepukidwa kuti wina waona. Akayamba kulankhula, mumvetsereni osamudula. Musamuuze kuti mwamuna salira kapena kuti akuchimwa, chifukwa apa ndi pomwe amatseka pakamwa. Musalonjeze kusunga chinsinsi.

Akavomera kuti wakonza kale njira, asakhale yekha ngakhale kanthawi. Chotsani m'nyumba mankhwala ophera tizilombo ndi mapilisi, akasungidwe kwina. Mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo, osangomuuza kuti apite. Zipatala zambiri za m'maboma zili ndi anamwino a matenda a maganizo, palinso Zomba Mental Hospital ndi St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mawa lake mukamuonenso.