Momwe mungapindulire ndi matenti a zaumoyo pa tsiku la chisangalalo la yunivesite

M'mayiko ozizira kwambiri, mayunivesite ena amatsegula zipata zawo chisanu chikangotha, mitengo ikayamba kuphukira, n'kuitana anthu oyandikana nawo kuti adzasangalalire limodzi. Pamakhala oimba, masewera a ana, zionetsero za sayansi. Chapambali pamakhalanso matenti a koleji ya zaumoyo, momwe ophunzira unamwino, udokotala ndi za mankhwala amayeza anthu, kawirikawiri kwaulere, aphunzitsi awo ali pompo. Vuto ndi loti ambiri amafika kumatentiwa pomalizira, atavina, atadya, thukuta lili kamukamu, ndipo manambala omwe amapatsidwa sakhala enieni.

Musananyamuke, onani ndandanda ya tsikulo pa intaneti kuti mudziwe zomwe akayeze ndi nthawi yake. Tengani mankhwala onse omwe mukumwa ali m'mapaketi awo, ndi magalasi a maso ngati mumavala. Malaya akhale a manja aafupi, poti lamba woyezera BP (kuthamanga kwa magazi) amafunika agwire pakhungu.

Mukafika, yambani ndi BP, gule adikire. Pasanathe mphindi 30 chimwereni khofi, chisutireni fodya kapena chithamangireni, musayezetse. Pitani kaye mukataye madzi, chifukwa chikhodzodzo chodzaza chimakweza nambala. Kenako khalani pampando mphindi 5 muli chete, msana utatsamira, mapazi onse ali pansi osapingasa miyendo, mkono uli patebulo molingana ndi pamtima. Makina akamapopa musayankhule, ngakhale wophunzirayo atakufunsani kuti tsiku likuyenda bwanji. Ngati muli ndi mkono waukulu, funsani ngati ali ndi lamba wamkulu, chifukwa wothina amaonetsa BP yokwera kuposa momwe ilili. Wophunzira wina manja amanjenjemera, mwina ndinu munthu wake woyamba kumuyeza. Musamunyoze, ingomupemphani abwereze pakatha mphindi imodzi kapena ziwiri.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati munthu ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi ngati nambala yapamwamba yafika 140 kapena yapansi yafika 90 atayezedwa masiku awiri osiyana. Choncho nambala ya tsiku limodzi, pakati pa phokoso la zimkuzamawu, ndi chenjezo chabe. Koma yapamwamba ikafika 180 kapena yapansi ikafika 120, makamaka mutu ukuwawa kwambiri, pachifuwa pakupweteka kapena maso akuchita chidima, siyani zonse mupite kuchipatala nthawi yomweyo.

Kenako pitani poyeza shuga. Akubayani pang'ono kunsonga ya chala n'kudonthetsa magazi pakapepala kolowetsa m'kamakina. Auzeni zoona za nthawi yomwe mwadya komaliza, ngakhale kanali kabotolo ka chakumwa chotsekemera. Kwa munthu amene wakhala maola 8 osadya, 7.0 mmol/L kapena kuposa apo ndi yokwera. Kwa amene wadya, malire ndi 11.1. Makina ena amalemba mu mg/dL, ndipo manambala omwewa amakhala 126 ndi 200. Onetsetsani muyeso wake musanayambe kuda nkhawa.

Sikelo ndi msinkhu sizichedwa. Poyeza maso muima mamita 6 kuchokera pachikwangwani cha zilembo, n'kutseka diso limodzi ndi chikhatho osalikanikiza.

Tenti yomwe ine ndimaona kuti isakuphonyeni ndi ya chidole chophunzitsira kutsitsimutsa munthu amene mtima wake waima. Anthu amachita manyazi kugwada pagulu, koma gwadani ndithu. Ikani chikhatho pakati pa chifuwa, china pamwamba pake, zigongono zitawongoka, ndipo kanikizani masentimita 5 mpaka 6, maulendo 100 mpaka 120 pa mphindi. Mudzadabwa mphamvu zomwe zimafunika, ndipo zimenezo simungazidziwe pongoonerera. Ana okulirapo nawonso ayese.

Musanachoke, pemphani akulembereni zotsatira zonse papepala, ndi tsiku ndi nthawi yomwe mwayezedwa, kenako lijambuleni pafoni. Ophunzirawa alibe chilolezo chonena kuti muli ndi matenda akutiakuti kapena kusintha mankhwala anu, ndiye pomwe simukumvetsa itanitsani mphunzitsi wawo. Ngati nambala ina yakwera, funsani chipatala chomwe mungapite, ndipo mukaonane ndi dokotala m'masiku ochepa otsatira, pepala lija lili m'manja, kuti akakuyezeninso pamalo abata.