Momwe mungasankhire makomiki oti mudzagulitse ndi phindu

Anzanga akumudzi akamva kuti ndalama zina za mashifiti ndimagulira makomiki, timabuku ta nkhani za zithunzi tija, amafa nazo kuseka, ati bambo wa ana awiri akulimbana ndi Spider-Man. Ndimangowasiya. Mu April 2024, kope limodzi la Action Comics nambala 1 la mu 1938, momwe Superman anaonekera koyamba, linagulidwa madola 6 miliyoni pa okishoni ya Heritage ku America. Litangotuluka linali la masenti 10. Kumeneko ine sindidzafikako, koma pa zaka 7 zomwe ndakhala ndikugula ndi kugulitsa kuno ku Nottingham ku Britain, ndadyapo ndipo ndapsapo.

Poyamba penipeni, chotsani maganizo oti chilichonse chakale n'chodula. Komiki imakwera mtengo chifukwa cha zomwe zinachitika m'kati mwake komanso kuchepa kwa makope abwino omwe atsala. Ogula amalimbirana makope amene munthu wotchuka wa m'nkhanizi anatulukira koyamba, ndipo amalonda amawatchula kuti ma key. Amazing Fantasy 15 ya 1962 ndi ya Spider-Man, kope lina linapita pa madola 3.6 miliyoni mu 2021. Fantastic Four 52 ya 1966 ndi ya Black Panther. Incredible Hulk 181 ya 1974 ndi ya Wolverine. Zimenezo n'za anthu a thumba lakuya. Ife a malipiro a pa ola timayambira pa Amazing Spider-Man 300 ya 1988 ya Venom, New Mutants 98 ya 1991 ya Deadpool, kapena Ultimate Fallout 4 ya 2011 ya Miles Morales. Lembani manambala anu papepala, asapitirire 10, muziyenda nawo. Mukaphonya nambala n'kugula yoyandikana nayo, nthawi zambiri mwagula chinthu cha mtengo wa sangweji.

Chenjerani ndi mabokosi odzaza makomiki a m'ma 1990. Pa kaunjika wa kuno, uja wa Lamlungu m'mawa amene anthu amagulitsira katundu m'mabuti a galimoto zawo, simungalephere kupeza X-Men nambala 1 ya 1991, yonyezimira ngati yatuluka dzulo, mwini wake akulumbira kuti ndi chuma. Anasindikiza makope oposa 8 miliyoni. Aliyense nthawi imeneyo ankagula asanuasanu n'kusunga m'pulasitiki poganiza kuti adzalemera, chimodzimodzinso Superman 75, ija ya imfa ya Superman. Msika unagwa, masitolo ambiri anatsekedwa, Marvel yeniyeniyo, kampani yosindikiza X-Men ndi Spider-Man, inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu December 1996. Makope a m'ma 1930 ndi 1940 amadula chifukwa ana ankawawerenga mpaka kung'ambika ndipo makolo ankawataya. Chomwe aliyense anasunga bwino sichisowa.

Chachiwiri, mtengo. Musayang'ane zomwe ogulitsa akupempha, yang'anani zomwe anthu analipiradi. Pa msika wa pa intaneti wa eBay pali poti musankhe kuona zogulidwa kale zokha, ndipo mawebusaiti a GoCollect ndi GPAnalysis amasunga mbiri ya malonda, ngakhale zambiri zake n'zolipira. Buku la mitengo la Overstreet, lomwe lakhala likutuluka kuyambira 1970, ndi labwino pophunzirira, koma msika umathamanga kuposa buku lotuluka kamodzi pachaka. Onani miyezi ingapo mmbuyo, osati sabata imodzi. Kukangomveka mphekesera ya filimu yatsopano mitengo imalumpha, filimu ikatuluka n'kutsikanso. Amene anagula mu 2021, anthu ali m'nyumba chifukwa cha Covid ndipo chilichonse chili m'mwamba, ambiri mpaka pano sanabweze ndalama zawo.

Chachitatu ndi giredi, kutanthauza malikisi osonyeza momwe kope lasungikira bwino. Kampani ya CGC, yomwe inayamba mu 2000 ndipo ili ku Sarasota ku Florida, imayeza komiki kuyambira 0.5 mpaka 10 n'kuitsekera m'kabokosi kolimba ka pulasitiki. Palinso kampani ina yoyeza, CBCS, koma ogula ambiri amakhulupirira CGC. Pa makope atsopano, kusiyana kwa 9.8 ndi 9.4 kukhoza kutsitsa mtengo ndi theka, chikhalirecho ndi maso simungaone kanthu. Mtundu wa chikwangwani chomwe amaika pamwamba pa kabokosiko ndiye nkhani yaikulu. Chabuluu ndiye chabwino. Chachikasu ndi cha komiki yosainidwa pamaso pa mboni yawo. Chapepo chikutanthauza kuti wina anaikonzapo. Chobiriwira chikutanthauza kuti pali chilema chachikulu chomwe achiika pambali poyeza.

Chobiriwiracho ndinachidziwa ndi misozi, ndiye pano ndichedwapo.

Munali mu 2021 momwemo. Munthu wina pa gulu la ogulitsa pa intaneti anaika Incredible Hulk 180, kope lomwe Wolverine amangoonekera pa chithunzi chomaliza asanabwere mokwanira mu 181. Silinali m'kabokosi. Zithunzi anaika ziwiri, kutsogolo ndi kumbuyo, chikuto chowala, makona akuthwa. Ndinamufunsa za m'kati, iye anati zonse zili bwino. Ankafuna mapaundi 450, ndipo anati ndikatumiza kudzera ku banki mwachindunji andichotsera 30. Mtima wa kaunjika unandipeza, ndinatumiza usiku womwewo ndili pa buleki kuntchito.

Phukusi litafika ndinalitsegula patebulo la kukhitchini, ndinasirira chikuto, ndinanunkhiza fungo lija la pepala lakale, n'kuvundukula masamba atatu anayi mwamantha kuopa kuthyola msana. Sindinafike kumapeto. Ndinaitumiza kukayezedwa, ndinadikira miyezi, ndipo inabwera ndi chikwangwani chobiriwira. Chifukwa chake n'chakuti kuyambira mu 1974 mpaka 1976, Marvel inkasindikiza kasitampa m'kati mwa makomiki ake, Marvel Value Stamp, kuti ana azidula n'kumata m'kabuku mpaka akwanitse 100. Mwana wina, zaka pafupifupi 50 zapitazo, anatenga sizasi n'kudula kake bwinobwino, kabowo ka makona anayi kosaposa bokosi la machesi. Kope lotere ogula amalinyoza. Ndinaligulitsa ndalama zosafika theka la zomwe ndinalowetsa, ndipo pobwerera kwa wogulitsa uja ndinapeza akaunti yake kulibe. Kubanki anangondiuza kuti ndalama ndinatumiza ndekha. Mayi a kunyumba anandisala mawu masiku awiri.

Ndiye pano ndisanatulutse ndalama ndimachita izi, inunso muzitero. Pemphani chithunzi cha tsamba la sitampa, cha pakatikati pomwe pali mawaya omangira masamba, ndi cha kuseri kwa zikuto zonse ziwiri. Wokana kapena wonena kuti watanganidwa, musiyeni. Komiki ikakhala m'manja, sambani, pukutani, ndipo werengani masamba limodzilimodzi. Makomiki wamba a zaka zimenezo amakhala ndi mapepala 16 m'kati, 8 mbali iyi ya mawaya, 8 mbali inayo. Onani makuponi a otsatsa malonda, chifukwa nawonso ana ankadula. Kenako tsegulani chikuto muchiyang'ane kuseri pa dzuwa la pawindo. Mukaona timadontho takuda tomwe tadutsa pepala motsatira msana, dziwani kuti wina anapaka cholembera kubisa mikwingwirima, ndipo chimenecho ndi chikwangwani chapepo. Katochi ka kuwala kwa UV, ka mapaundi ochepa chabe, kamaonetsa guluu ndi utoto wina wobisika, ngakhale sikagwira zonse. M'mbali mukakhala mosalala modabwitsa pa komiki yokalamba, iyerekezeni ndi ina ya chaka chomwecho, mwina anaisenga ndi lezala. Mawaya owala mbee pa pepala lachikasu nawonso ndi okayikitsa.

Musaiwale timalemba tating'ono ta m'munsi mwa tsamba loyamba, pomwe pali chaka chosindikizira. Masiku ano Marvel ndi DC, kampani ya Superman, amatulutsanso makope otchuka ofanana ndendende ndi akale, ndipo pali ogulitsa ena amene amajambula chithunzi mochenjera kuti mtengo watsopano wa pachikuto usaoneke. Kuno ku Britain mudzakumananso ndi makope akale a Marvel olembedwa mtengo wa mapeni m'malo mwa masenti. Si abodza, anasindikizidwa limodzi ndi a ku America, koma kawirikawiri amagulidwa motsikirapo. Ine ndimawakonda pa chifukwa chomwecho.

Ngati zonsezi zakutopetsani, gulani yomwe ili kale m'kabokosi, ya chikwangwani chabuluu. Lowetsani nambala yake pa webusaiti ya CGC muone ngati ikugwirizana, onaninso ngati m'mbali mwa kabokosi simunatsegulidwepo. Mulipira zambiri koma mugona tulo. Lipirani m'njira yomwe ingakubwezereni ndalama zinthu zikavuta. Ndipo musatumize kukayezetsa komiki ya mapaundi 20, ndalama yoyezera ndi yotumizira idzaposa komikiyo.

Pogulitsa werengerani zomwe webusaiti yogulitsirapo idzadule, positi ndi inshuwalansi, zimadya phindu kuposa momwe mungaganizire. Ndalama zake zikhale zoti mukhoza kuziiwala zaka 5, osati za fizi kapena za lendi.

Kusunga n'kosavuta: thumba la pulasitiki ya mtundu wa Mylar, katoni yopanda asidi kumbuyo, kuimika m'bokosi, kutali ndi dzuwa ndi chinyezi. Kudenga ndi kugalaja ayi. Alamu anga anandiuza kuti ndiwatumize ku Zomba akandisungire m'sutikesi kunsi kwa bedi, ati kuno nyumba n'zopanikiza. Ndinawathokoza n'kukana. Chiswe cha nyumba imeneyo ndimachidziwa, chinadya masetifiketi a malemu bambo m'sutikesi yomweyo.